Bowo latsekedwa, nanga akafika kumudzi?

Pa 23 May chaka chilichonse, tsiku lomwe bungwe la United Nations lidapatula kuti dziko lizikumbukira vuto la fistula, akuluakulu amalankhula, amayi amavina, atolankhani amajambula. Funso lomwe silimveka kawirikawiri ndi lakuti mayi wochiritsidwayo akadya chiyani akatsika minibasi pa siteji ya kwawo.

Fistula imabwera motere. Matenda akayamba koma mwana n'kukanika kutuluka tsiku lathunthu kapena kuposerapo, mutu wake umapanikiza minofu ya mayi pa mafupa a m'chiuno. Magazi sayendanso pamenepo, minofuyo imafa, ndipo pamatsala bowo pakati pa njira yoberekera ndi chikhodzodzo, mwinanso ndi njira ya chimbudzi. Kawirikawiri mwana amabadwa atamwalira kale. Mayi amatsala akudontha mkodzo usana ndi usiku, uku anthu akunong'onezana kuti adayenda njira zamseri ali ndi pakati. Chonsecho olakwa ndi chipatala chakutali, ngolo yoyenda mwaulesi, achibale ochedwa kugwirizana zoti wodwala anyamuke, ndiponso kukwatiwitsa mtsikana thupi lisanakhwime.

Opaleshoni ilipo, ndipo ambiri amachira. Ku Bwaila mu mzinda wa Lilongwe kuli chipatala cha fistula chomwe chidatsegulidwa mu 2012 ndi thandizo la Freedom from Fistula Foundation, bungwe lomwe adayambitsa Ann Gloag, mayi wamalonda wa ku Scotland. Odwala salipira. Ntchito yotereyi ine ndimaivulira chipewa.

Koma tamverani malangizo omwe mayi amalandira potuluka. Atenge miyezi ingapo asanakhale malo amodzi ndi mwamuna. Asasenze zolemera. Akadzaimanso, adzapite msanga kukadikirira kuchipatala ndipo adzachire kudzera pa opaleshoni. Malangizo abwino ndithu, koma onsewa amalira ndalama komanso mawu m'nyumba. Mayi wopanda ngakhale kobiri angamukanize bwanji mwamuna amene adathawa fungo, lero wabwerera atamva kuti mkazi uja wauma? Ndowa yapamjigo amusenzera ndani? Kabaza wa ulendo wakusikelo alipira ndi chiyani? Akalephera kutsatira malangizowa, bowo lija likhoza kutsegukanso, ntchito yonse ya dokotala n'kulowa m'madzi.

Tizikumbukira kuti fistula imalanda ndi geni yomwe. Amene ankagulitsa zitumbuwa amaona ogula akulambalala beseni lake. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, kenako amaleka n'kupita komwe. Pamaliro amayi anzake samupatsa mthiko. Zikatha zaka zisanu kapena khumi chonchi, munthu amaiwala kuti adali wotakata.

Catherine Hamlin ndi mwamuna wake Reginald, omwe adatsegula chipatala cha fistula ku Addis Ababa mu 1974, adaiona mbali imeneyi. Ntchito yawo idakula mpaka kukhala ndi mudzi wa Desta Mender, komwe amayi ovulala kwambiri amaphunzira ntchito zodzipezera ndalama. Kunonso ku Bwaila amayi amaphunzira kuwerenga ndi kusoka akudikira kuchira, ndipo ena amapita kwawo ndi zipangizo za sola kuti azitchajira anthu mafoni.

Apa ndiye pofunika nzeru, osati chifundo chokha. Makina osokera amaoneka bwino pachithunzi cha mwambo wopereka mphatso, koma pamudzi pomwe aliyense amavala kaunjika, telala watsopano angathe mwezi akungozigamba mathalauza a ana asukulu. Sola ndimaikonda chifukwa kumudzi kopanda magetsi mafoni ndi ambiri, ndipo mwini foni amabwera yekha pakhomo lomwe kale ankalizemba. Amakhala pakhonde, amacheza, amalipira. Ndalamayo ndi yochepa, koma imakwana kugula sopo, kusonkha ku banki m'khonde ndi kusungako ya ulendo wakuchipatala.

Chomwe bungwe lakunja silingagule ndi wogula woyamba. Ameneyo ayenera kuchokera pamudzi pomwepo. Magulu a amayi m'mipingo ndi m'mizikiti amasonkha kale shuga ndi nkhuni pokazonda odwala. Akamva kuti mnzawo wabwerako ku Bwaila, angathe kumupatsa oda ya mayunifolomu a kwaya, kapena kumulembanso pa mndandanda wa ophika pa chinkhoswe chikubwerachi.