Tisiye kusaka pokhotera dola

Ife achinyamata a mu Lusaka tagwidwa ndi matenda amodzi. Aliyense amene ali ndi foni ndi K500 afuna kukhala woyamba kuona pamene dola itembenukire. M'magulu a WhatsApp mwadzaza anyamata odzitcha ma mentor a forex, otigulitsa ma signal akuti "apa ndiye pansi, gulani manje". Timagula, mtengo n'kupitirira kutsika, iwo n'kutumiza chithunzi china cha galimoto yobwereka.

Tiyeni tione kwacha yathu yomwe. M'miyezi yomaliza ya 2023 dola inali kukwera, mpaka kumayambiriro kwa February 2024 inafika cha m'ma K27. Bank of Zambia itakweza ndalama zimene mabanki ayenera kusungitsa kufika pa 26 peresenti, dola inagwa kufika cha m'ma K23 m'masiku ochepa chabe. Magulu aja anachita phwando: yatembenuka! Ena a ife tinagulitsa timadola timene tinasungira katundu wa ku Nakonde. Miyezi itatu isanathe dola inali itabwerera cha pa K27, ndipo katundu yemweyo tinamugula modula.

Wina anena kuti koma nthawi zina imatembenukadi. Zoona. Mu 2021, chaka cha masankho, inachoka pa K22 mu July kufika pa K16 mu September. Mu 2025 inatsikanso kuchoka cha pa K28, mwezi ndi mwezi. Koma taonani kutalika kwake: kutembenuka kwenikweni kunatenga masabata ndi miyezi. Amene anadikira kuti aone bwinobwino anataya pang'ono poyambira, n'kudya zotsalazo. Amene anali kulosera Lolemba lililonse anafika pa tsikulo akaunti ili mbee.

Izi amayi a nsomba a ku Feira anazidziwa kale popanda chati. Pitani ku Luangwa boma, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, Zumbo ya Mozambique ili tsidya ili, Kanyemba ya Zimbabwe tsidya linalo. Mudzapeza amayi ochokera ku Soweto Market atakhala masiku angapo padoko, akusankha pende ndi mcheni zouma, akukangana ndi asodzi pa mtengo wa mulu uliwonse. Iwo amayenda ndi nyengo. Mu September ndi October, madzi atatsika, kutentha kwa m'chigwa kukuotcha mpaka usiku, amapita ndi kubwerera kangapo, kapindu kochepa ulendo uliwonse, ndalama n'kumazungulira. Akudziwa kuti pa 1 December boma limatseka usodzi mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, choncho November akamatha amachepetsa okha, ndalama n'kuziika ku tomato kapena salaula.

Alipo ochenjera mopitirira. Amadzaza masaka sabata lomaliza, ati adzagulitse pamene mtengo wafika pamwamba penipeni. Galimoto ikachedwa tsiku limodzi, amakumana ndi a Fisheries pa roadblock opanda pepala, nsomba n'kulandidwa zonse. Ameneyo ndiye ife pa foni, kusiyana kwake n'koti ife timaluza tili pa bedi, ndiye sizipweteka mpaka lendi itakwana.

Chimene chimatinyansa kwambiri n'choti ma mentor amenewa amadziwa. Kutsata kumene msika ukulowera sikugulitsika: n'kotopetsa, umakhala masiku osadina kalikonse, ndipo palibe angakulipire K300 pamwezi kuti umuuze kuti dikira. Kulosera pokhotera ndiko kumakoma m'kamwa, chifukwa akalasa kamodzi amajambula, akaphonya kasanu amafufuta uthenga.

Choncho wina akatitumiziranso "apa ndiye pansi", timufunse mbiri ya akaunti yake ya miyezi 6, yonse, ndi masiku oluza omwe. M'gulu lathu tinafunsa mmodzi sabata latha. Anatichotsa pasanathe mphindi 10.