KHOMA LABWINO LITETEZA MAKUTU

Phokoso silitupitsa thupi ngati chilonda, n'chifukwa chake ambiri saliyesa mdani wa moyo. Koma munthu wokhala maola 8 tsiku ndi tsiku m'phokoso lopitirira madesibelo 85, monga la m'chigayo, amagontha pang'onopang'ono, ndipo kugontha kotere sikuchizika. Phokoso la usiku limasowetsanso tulo ndi kukweza kuthamanga kwa magazi.

Mu mzinda wa Zomba simudutsa njanji, koma anthu ake amaidziwa bwino ya ku Liwonde, yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Lero m'njanjiyi mumadutsa sitima zazitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala. M'maiko ngati Germany ndi Japan, njanji ikadutsa pakati pa nyumba za anthu, amamanga khoma m'mbali mwake.

Khomalo ligwira ntchito motere. Phokoso lalikulu la sitima limachokera pansi, pamene mawilo akhudzana ndi njanji. Likawomba khoma, lina limabwerera, lina limamwerera m'khomamo, ndipo lotsala limayenera kupinda pamwamba, nkufika kuseri litafooka. Khoma labwino lichepetsa phokoso ndi madesibelo 5 mpaka 10. Likatsika ndi 10, khutu limamva ngati theka lachoka. Wokwera phiri la Zomba amaziona yekha zimenezi: akangolowa kuseri kwa chitunda, mkokomo wa m'tauni umazilala.

Nzeru imeneyi si ya njanji yokha. Zigayo, makina ochekera matabwa ndi magalimoto a pa msewu wa M3 zikusokosera pafupi ndi nyumba, sukulu ndi zipatala. Mpanda wa udzu kapena mzere umodzi wa mitengo ya paini sizithandiza kwenikweni, pakuti phokoso limapyola m'mipata. Chofunika ndi khoma lolemera la njerwa kapena mtumbira wa dothi, lopanda mabowo, loyandikana ndi chosokosacho, ndiponso lalitali mokwanira kuchibisa kuti chisaoneke.

Motero mafumu ndi makomiti a zaumoyo ayenera kukambirana ndi mwini chigayo asanachimange, osati chitayamba kale kulira. Njerwa ndi dothi zilipo m'mudzi uliwonse, koma khutu la mwana likafa palibe sitolo yogulitsa lina.