Private, confidential, overshare: chinsinsicho n'cha ndani?

Pa mawu onse a Chingerezi amene timaloweza ku yunivesite, pali kagulu kena kamene timakaphunzira mongodutsa: private, confidential, disclose, leak, overshare. Timawalemba m'kope, pa mayeso timakhoza, kenako tikapita ku attachment timajambula desiki yathu n'kuika pa status, kaundula wa odwala ali chitsegukire pakona pa chithunzicho. Matanthauzo ake timawadziwa ndithu. Chimene chimachitika n'chakuti tikamawamasulira m'mutu, onse amagwera m'dengu limodzi lolembedwa kuti "chinsinsi", ndipo kusiyana kwawo kumathera pomwepo.

Ine ndikuona kuti kusiyanako ndiye phindu lenileni la mawu amenewa. Private ndi zanga: matenda anga, ngongole zanga, amene ndili naye pachibwenzi. Mwini wake ndine, ndikafuna ndinena, ndikafuna ndikhala chete. Confidential ndi nkhani ina. Liwuli linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kukhulupirira munthu, ndipo limanena za chinthu chimene wina wakusungitsa. Kumudzi aliyense amadziwa kuti mbuzi yosungitsa sugulitsa, ngakhale igone m'khola mwako zaka zitatu. Zotsatira za magazi a munthu, malipiro a mnzako wa mu ofesi, dzina la mwana amene walephera kulipira fizi, zonsezi ndi mbuzi zosungitsa. Zili m'manja mwako chifukwa cha ntchito basi.

Nanga overshare? Liwuli linatchuka limodzi ndi masamba a mchezo a pa intaneti. Mtanthauziramawu wa Webster's New World analisankha kukhala liwu la chaka mu 2008, ndipo wa Chambers anachitanso chimodzimodzi mu 2014. Limanena za munthu amene amayala za moyo wake mopitirira muyeso, uja amatiuza pa Facebook zonse zimene anakangana ndi bwenzi lake usiku. Ndi liwu lopepuka, la nthabwala. Mnzako amangolemba kuti TMI, too much information, nonse n'kuseka. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ife talitenga liwu lopepukali n'kumaphimbira nalo zinthu zolemera. Munthu watumiza ku gulu la WhatsApp kalata ya wantchito mnzake yomuimitsa ntchito, akafunsidwa akuti anangochita overshare pang'ono. Ayi. Overshare umachita ndi zako. Ukayala za mwini zimene anakusungitsa, Chingerezi chake ndi breach of confidentiality, ndipo anthu amachotsedwa nayo ntchito.

Kwathu ndi ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Ambiri amakudziwa chifukwa cha mishoni ya Katolika imene ansembe a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, anatsegula mu 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema. Pa zinthu zimene ansembewo anabwera nazo panali lamulo limene Mpingo unalemba mu 1215, pa msonkhano wachinayi wa ku Lateran, loti wansembe asaulule chimene wamva kwa munthu wodzalapa, zivute zitani. Kwa zaka zoposa 120 anthu a ku Nzama akhala akunong'oneza munthu wina zinthu zimene sangauze ngakhale mkazi kapena mwamuna wawo, podalira lamulo limeneli. Komanso ansembewo sanapeze anthu osadziwa kusunga pakamwa. Ankhoswe akaweruza nkhani ya m'banja sapita nayo ku chigayo. Anamkungwi ali ndi zawo zimene sazitchula pabwalo. Agogo amene sanaonepo liwu loti confidential amadziwa bwino lomwe kuti nkhani imene wauzidwa chifukwa cha udindo si yako.

Ndiye nzeruyo si yachilendo. Chachilendo ndi foni, ndiponso digiri imene imatikhazika tili ndi zaka 23 pa mpando pamene mapepala a mudzi wonse amadutsa. Nkhoswe amafika pa udindo wake atakula, anthu atamuona khalidwe. Ife timafikapo ndi kalata yochokera ku faculty.

Pali liwu lina limene limatipusitsa, anonymous. Tinaphunzira kuti ukachotsa dzina wathana nazo. Mwina ku Lilongwe zingatheke. Koma tayerekezani wophunzira unamwino ali pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, madzulo n'kulemba kuti: "Lero ndathandiza mayi wa ana amapasa, amuna awo ali ku Joni, koma abwera ndi pathupi pa miyezi itatu." Dzina palibe. Koma kudera ngati kwathu, amayi a ana amapasa amene amuna awo ali ku Joni alipo angati? Status imeneyo akaiona msuweni mmodzi yekha, pofika Lamlungu potuluka m'tchalitchi nkhani yafika kwa apongozi, ndipo Lolemba yafika ku Johannesburg. Wolembayo ankangofuna kuti anzake aone kuti ntchito ikuyenda. Kumalo kumene anthu amadziwana mpaka mbuzi zawo, kuchotsa dzina kokha sikubisa munthu.

Wina anganene kuti izi zimachitikira ana a sukulu osazolowera ntchito. Kumbukirani za mu January 2022, pamene pa mafoni a dziko lonse panazungulira mawu ojambulidwa a Martha Chizuma, amene pa nthawiyo anali mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Ankacheza pa foni ndi munthu wina za kafukufuku wokhudza Zuneth Sattar ndi zopinga zimene ankakumana nazo, ndipo zokambiranazo zinajambulidwa n'kutulutsidwa. Pulezidenti Lazarus Chakwera analankhula ku mtundu wa Amalawi, anawadzudzula koma anawasiya pa udindo. Mu December chaka chomwecho apolisi anakawamanga mbandakucha kunyumba kwawo, potsatira dandaulo la Steven Kayuni, yemwe anali mkulu woimira boma pa milandu, pa zimene zinanenedwa m'mawu aja. Ambiri a ife tinaona kuti kumangako kunali kolakwika, ndipo ine ndili m'gulu limenelo. Koma taonani amene zinawachitikira: loya, amene anakhalapo Ombudsman, wodziwa tanthauzo la confidential kuposa tonsefe. Sanalembe pa Facebook, sanaitane atolankhani. Analankhula ndi munthu mmodzi. Kwa miyezi yambiri dziko linkakambirana za foni ija mmalo mokambirana za ziphuphu zimene zinkafufuzidwa. Zinsinsi zambiri zimatuluka chonchi, kudzera mwa munthu mmodzi amene tamukhulupirira pa tsiku limene tatopa ndipo tikufuna wotimvetsera.

Malamulo nawo alipo, ngakhale sitiwawerenga. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa za moyo wake, kuphatikizapo makalata ndi mafoni. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za momwe magazi a munthu alili iye asanavomere, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Ndipo mu 2024 tinalandira Data Protection Act, imene inapatsa MACRA udindo woyang'anira momwe mabungwe amasungira za anthu. M'lamulo limeneli muli mawu ena oyenera kuwaloweza, monga consent ndi data subject. Data subject ndi munthu amene nkhaniyo ikumukhudza, mayi wa amapasa uja. Consent ndi chilolezo chake, osati cha bwana wako kapena cha admin wa gulu.

Ngakhale pa zathu zomwe, tikuchita kugawa ngati mtedza. Wina akangolemba pa gulu kuti bungwe lakutilakuti likufuna ma intern, tumizani chiphaso cha unzika ndi satifiketi pa nambala iyi, pofika madzulo anthu ambirimbiri atumiza, mbali zonse ziwiri za chiphasocho. Chiphaso chimenechi ndi chomwe timalembetsera SIM khadi, Airtel Money, Mpamba ndi akaunti ya ku banki. Ulova ndi umene umatichititsa, ndikudziwa. Munthu amene wakhala pakhomo zaka ziwiri ndi digiri safunsa mafunso ambiri. Koma akuba a pa foni amadziwanso zimenezo.

Sindikunena kuti pepala lililonse lodindidwa CONFIDENTIAL ndi lopatulika. M'maofesi mwathu chidindo chimenechi chimagwiranso ntchito yobisa zimene anthu ayenera kudziwa: ndalama za chitukuko cha dera zapita kuti, kontrakitala wa mlatho anasankhidwa bwanji. Lamulo la Access to Information, limene linakhazikitsidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020, linabwera chifukwa cha khalidwe lomweli. Apanso Chingerezi chili ndi mawu awiri pamene ife timangoti kuulula. Whistleblower amaulula kuba kwa ndalama za anthu, ndipo amapita nazo kwa amene angachitepo kanthu. Wochita leak angakhale ndi cholinga chabwino kapena choipa, liwulo silisankha. Kalaliki amene wakanena ku ACB kuti mankhwala akutuluka pa chipatala usiku ndi wosiyana kutalitali ndi kalaliki amene wauza anzake ku bawo mayina a amene amadzalandira ma ARV. Woyambayo wabweza kwa eni ake nkhani imene inali yawo kale. Winayo wagulitsa mbuzi ya mwini.

N'chifukwa chake ndikanakonda aphunzitsi athu a Chingerezi akanasiya kutifunsa kuti define confidential. Atipatse pepala la malipiro a aphunzitsi a pa sukulu, mndandanda wa olandira Mtukula Pakhomo, lipoti la ndalama za khonsolo ndi uthenga wa mnzathu wotiuza kuti ali ndi pathupi, kenako atifunse chimodzichimodzi kuti mwini wake ndani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yolola kuti chituluke. Pa zinayi zimenezi, chimodzi chokha ndi chimene ndingatumize ku gulu la kalasi, ndipo ndi lipoti la khonsolo, lomwe nthawi zambiri ndi limene limatsekeredwa m'kabati.