Madzi M'chitsime cha Gasi: Kuyeza Kutsogole, Kutseka Pambuyo

Pa chitsime cha kumudzi madzi ndiwo dalitso, koma m'chitsime cha gasi chokumbidwa pansi pa nyanja madzi ndiwo mdani. Gasi amakhala m'timibowo ta thanthwe, ndipo kunsi kwake kumakhala madzi amchere. Gasi akamatapidwa mphamvu yake imachepa, madzi aja nakwera kulowa m'chitsime; tsono popeza ngolemera, amatsendereza gasi kufikira chitsime chitaleka kutulutsa. Kukwera kwa madzi kotereku kunaoneka pa mgodi wa Frigg, m'nyanja ya North Sea pakati pa Britain ndi Norway, umene unatulutsa gasi kuyambira 1977 kufikira 2004.

Njira imodzi yogonjetsera bvutoli ndiyo paipi yachitsulo yaitali, yonenepa inchi imodzi kufikira atatu, yokulungidwa pa gudumu ngati ulusi, imene amisiri amaitcha coiled tubing. Inayamba kugwira nchito m'zitsime ku America m'chaka cha 1962. Ubwino wake ngwakuti imatsikira m'chitsime gasi ali ndi mphamvu yake, ndipo sipafunika makina akulu okumbira, amene amadya ndalama zambiri tsiku liri lonse. Ndi paipiyi amisiri amatsitsa chotsekera kufikira pamene pakulowera madzi, nathira simenti pamwamba pake, kapena amapopera mankhwala amene amauma m'thanthwe ngati phala.

Komatu nchitoyi siifuna phuma. Madzi angachokere kunsi kwa chitsime, kapena angadutse kuseri kwa mpanda wake pamene simenti yakale inang'ambika, ndipo njira yotsekera iri yonse iri ndi bvuto lake limene imachiza. Wotseka asanatsitse zipangizo zoyezera angathe kukwirira gasi yemweyo, ndipo simenti ikauma kuichotsa nkobvuta ndithu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nkhaniyi siiri kutali. Dziko loyandikana nalo la Mozambique linayamba kugulitsa gasi wa m'nyanja wa ku Coral Sul m'chaka cha 1922 kuonjezapo zaka zana, ndiye kuti 2022, ndipo zitsime zonse zimakalamba. Nchifukwa chake Boma liri lonse lokhala ndi chuma chotere liyenera kulamula makampani kuonetsa zimene ayeza asanatseke kapena kusiya chitsime, ndiponso kukhala ndi anthu ake odziwa kuwerenga miyesoyo. Anthu amenewo amayambira m'kalasi la masamu ndi sayansi, m'manja mwa aphunzitsi.