Pepala la buluu lija tamaliwerengani, azimayi

Azimayi anzanga, lero ndilankhula ngakhale ena mukwiya nane. Loweruka lapitali pagulu lathu la WhatsApp panali mkangano. Abambo ena okonza maphwando amadandaula kuti holo imene ankafuna kubwereka inauzidwa ndi khonsolo kuti ikakwana 11 koloko usiku nyimbo zizithima, mowa usagulitsidwenso. Ati khonsolo ndi yatsankho, ati azungu safuna kuona munthu wakuda akusangalala. Ena a inu munawaombera m'manja. Ine ndinangoti chete chifukwa ndinali m'basi, maso akuwawa ndi tulo. Tsopano ndapuma, ndiyankhe.

Ine ndimakhala kummwera kwa London, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu. Khomo loyandikana ndi lathu ndi holo ya zisangalalo, dzina sinditchula. Lachisanu ndi Loweruka zenera langa limachita kunjenjemera mpaka 3 koloko. Akatseka, phokoso limasamukira mumsewu: kukuwa, mabotolo, mahutala. Ikamati 5 koloko alamu yalira, ndikwere mabasi awiri kukasamalira agogo ena amene ndimayenera kuwadzutsa pabedi ndi kuwamwetsa mankhwala osaphonyetsa. Potuluka ndimayamba ndalumpha masanzi ndi mikodzo pakhomo. Ovina aja nthawi imeneyo ali m'bulangete kwawo. Ndiye mundiuze kuti wofuna kugona ndi mzungu yekha? Zipinda zotchipa zoyandikana ndi mabala zija amakhalamo ndani ngati si ife?

Tsankho kuno lilipo, zimenezo musandiphunzitse, ndimakumana nalo m'makhitchini a anthu. Koma si chilichonse chimene chatikaniza zofuna zathu ndi tsankho ayi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma ndinakhala pansi ku laibulale ndi mwana wa mnzanga mpaka nkhaniyi inandilowa. Lamulo lake ndi Licensing Act 2003, linayamba kugwira ntchito mu Novembala 2005. Layisensi ya mowa ndi zisangalalo imachokera ku khonsolo ya dera lanu, ndipo mu London makhonsolo otere alipo 33. Amayang'ana zinthu zinayi basi: kupewa umbanda ndi chisokonezo, chitetezo cha anthu, kusasowetsa mtendere anthu oyandikana nawo, ndi kuteteza ana. Pa zinayizi, chakulakwirani n'chiti?

Mwaiwala za ku Brixton eti? Pa 15 Disembala 2022, pa O2 Academy Brixton, usiku umene ankaimba Asake wa ku Nigeria, anthu anapanikizana pakhomo. Mayi wa zaka 33, wa ana awiri, anamwalira. Mlonda wa zaka 23 amene anali pa ntchito anamwaliranso. Khonsolo ya Lambeth inaimitsa layisensi, ndipo malowo anatsegulidwanso mu Epulo 2024 atapatsidwa mfundo 77 zoti azitsatira. Mayi uja anangopita kukasangalala ngati mmene timapitira ife. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tiyeni tidziyang'ane tokha. Pa 6 Julayi, pa chinkhoswe, pa bridal shower, holo yolembedwa anthu 150 timadzazamo mtundu wonse. Khomo lothawira moto latsekedwa ndi mapoto a mpunga ndi makireti. Ana akuthamanga pakati pa oledzera 1 koloko usiku. Mowa ukugulitsidwa pakona mobisa ngati pa shabini. Chonsecho pali pepala lotchedwa Temporary Event Notice, mtengo wake mapaundi 21 okha, la phwando losapitirira anthu 499, ndipo umalipereka ku khonsolo kutatsala masiku 10 ogwira ntchito. Abambo inu, pakhomo mumatilipiritsa zingati munthu mmodzi? Mapaundi 21 akukukanikani? Ndipo mukamaliza, amatsala ndi mopu mpaka mbandakucha ndi ndani? Ife tomwe, ulere, ati n'zachikhalidwe.

Khonsolo nayo sindikuisiya. Holo ya pafupi nane itapempha kuwonjezera maola, anamata kapepala ka buluu pazenera, zilembo zake Chingerezi cha maloya. Ndinakadutsa milungu yathunthu ndikuyesa n'zotsatsa malonda. Pamene ndimamva tanthauzo lake, nthawi inali itatha. Msonkhano wake unachitika ine ndili pa ntchito. Eni holo anapita ndi loya wawo, ife a m'zipinda zapamwamba panalibe ndi mmodzi yemwe. Safunsa adadya phula.

Ndiye mverani. Pepala la buluu limenelo limakhala masiku 28. M'masiku amenewo munthu aliyense akhoza kulembera khonsolo, kaya uli ndi nyumba yako, kaya uli pa lendi, kaya unabadwira ku Ntcheu. Chachikulu n'chakuti dandaulo likhudze chimodzi cha zinthu zinayi zija. Musalembe kuti mowa ndi tchimo, zimenezo n'za kutchalitchi, sawerengera. Lembani kuti Loweruka lakuti nyimbo zinafika nthawi yakuti, mwana sanagone, pakhomo panali zakutizakuti. Sungani kabuku ka madeti. Ngakhale malo amene ali kale ndi layisensi, mukhoza kupempha khonsolo kuti iwunikenso layisensiyo.

Ndikudziwa chimene chimatimanga manja. Kalatayo imafuna dzina ndi adiresi, ndipo eni malowo amaiona. Amene mapepala ake sali bwino, kapena akuopa landilodi, sindingamukakamize, nane ndinadutsamo m'mantha amenewo. Koma pali khansala wa dera lanu amene mungamupemphe kukuyankhulirani. Ndipo ife amene mapepala athu anatuluka, bwanji osalemba m'malo mwa anzathuwo?

Musaganize kuti eni mabala agona. Hackney itanena mu 2018 kuti malo atsopano azitseka 11 koloko mkati mwa sabata ndi 12 koloko kumapeto a sabata, anachita phokoso London yonse inamva. Iwo ali ndi ndalama ndi nyuzipepala. Ife tili ndi cholembera ndi masiku 28.

Sindikudana ndi gule ine. Amene munandiona pa ukwati wa chaka chatha mukudziwa kuti chitenje chinachita kumasuka. Tivine, timwe amene amamwa, koma khomo la moto likhale lotsegula, ana apite kunyumba nthawi yabwino, ndipo mayi wa m'chipinda chapamwamba agone.

Abale kumudzi, ndalama ija mukailandira mudziwe kuti inapezeka ndi maso ofiira. Ndipo inu abambo a pagulu, musandichotse, ingondiyankhani za mapaundi 21 aja. Ndikudikira.