Ndani anatiuza kuti dothi ndi umphawi?

Pa wailesi yathu madandaulo a sukulu sasintha caka ndi caka. Mphepo yasasula denga. Mvula ikamagunda malata mphunzitsi samveka, phunziro limaima. Mu Juni ana a ku Tsangano amanjenjemera m'kalasi, mu Okutobala malata omwewo amawaphika. Komabe akuluakulu akabwera kudzatsegula cipinda ca mabuloko a simenti, malata ali pafupi ndi mutu, timaomba m'manja kuti citukuko cafika. Ine ndikukana. Tikulandira nyumba zomangidwa mosaganizira mwana amene adzakhalamo tsiku lonse.

Pali mmisiri wina wolemba mapulani a nyumba amene anakana zimenezi kale. Francis Kéré anabadwa mu 1965 ku Gando, mudzi wa ku Burkina Faso. Anali mwana wa mfumu, ndipo ali ndi zaka 7 anacoka kwao kukaphunzira ku Tenkodogo, m'kalasi ya simenti yotentha ndi yamdima. Mu 1985 anapita ku Germany kukaphunzira ukalipentala, pambuyo pake nkuphunzira zolemba mapulani ku Berlin. Asanamalize maphunziro anasonkhetsa ndalama, nabwerera kumudzi kukamanga sukulu imene inatha mu 2001.

Taonani mmene anamangira. Njerwa zinali za dothi la komweko, losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinja pa makina, zosaocha. Malata anawakweza pamwamba pa siling'i ya njerwa, nkusiya mpata woti mpweya wotentha uzituluka. Denga linatulukira kunja kwambiri kuti mvula isamenye khoma. Ana anatuta miyala ya maziko, amayi anatunga madzi, anyamata anaphunzira umisiri pa nchito yomweyo. Sukuluyo inapata mphotho ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira Pritzker, mphotho yaikulu ya amisiri a mapulani.

Musanene kuti izi nzakutali, dziwani kuti nchito yake ilipo m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Ku Benga, kumene Revúboè amathira mu Zambezi, kuli sukulu ya mapulani ake imene inatha mu 2018, makoma ake ali ndi timipata tolowetsa kuwala.

Ena amati dothi limasungunuka ndi mvula. Limasungunuka likasowa maziko a miyala ndi khonde, zimene agogo athu ankadziwa pomanga nyumba zao. Sukulu ya ku Gando yatha zaka zoposa 20 ili ciimire. Ena amati Gando nkotentha pamene kwathu kuno kumapiri nkozizira. Zoona, ndipo nkhani yagona pomwepo. Kéré amayamba wafunsa za dzuwa, mphepo, dothi ndi manja a anthu a pamalopo. Ku Tsangano khoma locindikala la dothi lingasunge kutentha kwa masana, ndipo mazenera angafunike ocepa kumbali yocokera mphepo. Colakwika ncakuti pulani imodzi yomweyo igwire ku Moatize kotentha ndi ku Furancungo komwe.

Ganizirani za mitengo. Ku Macanga makala ndi zigafa za fodya zadya kale nkhalango, nanga tionjezerenso nkhuni zoochera njerwa? Ganiziraninso za ndalama. Simenti ndi zitsulo zimabwera pa lole kucokera kutali, ndalama nkubwerera pa lole yomweyo, amisiri athu atangotsala ndi ganyu yopondaponda matope.

Inu mafumu, inu a komiti ya sukulu, musamangofunsidwa mcenga ndi madzi. Pulani ikabwera, itanani omanga a m'mudzi aione. Funsani kuti denga lamangiriridwa bwanji, phokoso la mvula lidzacepa bwanji, mwana adzafunda bwanji mu Juni. Wobweretsa pulani akalephera kuyankha, abwerere nayo akaikonze. Ana amene adzakhale m'menemo zaka 6 ndi anu.