Kusamba M'manja pa Sukulu Yaikulu

Ananu, ena mwa inu mukadzatsiriza maphunziro a kuno kumudzi mudzamuka kusukulu zazikulu zotchedwa koleji. Kumeneko ophunzira mazanamazana akhala pamodzi. Agona m'nyumba imodzi, adyera malo amodzi, agwira chitseko chimodzi, nabwerekana mabuku ndi zolembera. Pamalo potere nthenda siichedwa kufalikira, ndipo njira yake yaikulu ndiyo manja.

Nthenda monga kolera, kamwazi ndi chimfine zidza ndi tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Munthu akachoka kuchimbudzi, kapena akayetsemulira m'dzanja, tizilomboto titsalira pa zala ndi m'zikhadabo. Tsono apatsa mnzake moni wa padzanja, mnzakeyo natema nsima ndi dzanja lomwelo. Madzulo wodwala anali mmodzi, koma pakutha masiku owerengeka nyumba yonse ibuula.

Kapena mudzati, "Nanga anthu ophunzira kwambiri sadziwa zimenezi?" Tamvani nkhani iyi. M'mzinda wa Vienna, m'dziko la Austria ku Ulaya, munali chipatala chachikulu chophunzitsira anyamata ntchito ya udokotala. Anyamatawo ankayamba kugwira mitembo pophunzira za thupi la munthu, ndipo pochoka kumeneko ankamuka kukathandiza amayi obereka. Amayi ambiri ankagwidwa ndi malungo aakulu, namwalira. Koma kumbali ina ya chipatalacho, kumene kunali azamba osakhudza mitembo, imfa zinali zochepa.

Dokotala wina, dzina lake Ignaz Semmelweis, anasinkhasinkha za ichi, nazindikira kuti nthendayo inkayenda pa manja a ophunzira. M'mwezi wa Meyi 1847 analamula kuti onse azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanakhudze wodwala. M'mwezi wa Epulo anamwalira amayi 18 mwa 100 alionse, koma pofika Julayi ankamwalira mmodzi kapena awiri okha. Taonani, anyamata aja anali anzeru ndi odziwa mabuku, koma nzeru za m'mutu sizinayeretse zala zawo.

Ngakhale kwathu kuno taona zowawa zake. Kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo. Wophunzira wodwala ataya masiku a maphunziro, ndipo makolo amene anagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti amlipirire sukulu alowa m'chisoni.

Chifukwa chake nditi, sambani m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, musanadye, musanakonze chakudya, ndiponso mutasamalira wodwala. Musangoviika nsonga za zala. Tikitani zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, kufikira mutawerenga pang'onopang'ono mpaka 20. Sopo akasowa, phulusa la pamoto lithandiza koposa madzi okha.

Pali mwambo wina umene tiyenera kuukonza, ndiwo wosamba tonse m'mbale imodzi ya madzi. Ayamba wamkulu, natsiriza wamng'ono, ndipo wotsirizayo asamba m'litsiro la anzake onse. Ena adzati kuleka mwambowu nkupeputsa akulu. Iai, si kutero. Mwana atenge chikho, agwade, nathirire mkuluyo madzi m'manja, mbale ili pansi yolandira madzi oipawo. Potero ulemu ulipo, ndipo aliyense asamba ndi madzi oyera.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Kukoleji kulibe amayi okukumbutsani kusamba, ndipo mphunzitsi sayendera zala za munthu wamkulu. Chimene mwazolowera muli ana ndicho chimene mudzachita kumeneko. Yambani lero lomwe. Mangani chigubu cha madzi pamtengo pafupi ndi chimbudzi cha sukulu yanu, muikepo sopo kapena phulusa, ndipo muzikumbutsana tsiku ndi tsiku. Wosamba m'manja adzisunga yekha, nasunganso anzake onse odya naye pamodzi.

Mafunso

1. Kodi tizilombo ta nthenda tiyenda bwanji kuchoka kwa munthu kumka kwa mnzake?
2. Semmelweis analamula ophunzira ake kuchita chiyani?
3. Kusamba anthu ambiri m'mbale imodzi kuipa bwanji?